Mizere Itatu ya Fermín

Lolemba mvula inagwa pa Valparaíso,
nyumba zamitundumitundu zitakangamira phiri
ngati zovala zoyanikidwa ndi munthu wofulumira.
Ana anga makumi atatu ndi mmodzi ndinawapempha nkhani:
tsiku limene simudzaliiwala.

Rayén anadzaza masamba anayi.
Anadzuka, anatsuka mano, anasaka sokosi yakumanzere,
anapaka batala pa buledi mpaka m'mphepete,
mphaka analira, amayi anati vala juzi.
Pamzere womaliza: kenako kunachita chivomezi, tinathawa.

Ndinamufunsa, chivomezicho chinatenga nthawi yaitali bwanji?
Sichinkatha, aphunzitsi.
Nanga buledi uja?
Anaseka, nabisa nkhope m'kope.

Fermín Oyarzo analemba mizere itatu:
Bambo anapita kunyanja.
Bwato linagubuduzika.
Anabwera Lachinayi.

Mvula itakata ndinawatulutsa onse.
Kuseri kwa sukulu kuli masitepe oposa zana,
pambali pake chikepe chakale chamatabwa
chimene chimakwera phiri chikulira ngati chitseko chadzimbiri.
Ndinati, tsikani mothamanga.
Nsapato phaphapha, mpaka pansi, wefuwefu.
Mwaona chiyani m'njira? Palibe.
Tsopano tikwere chikepe.
Anaona mayi akuthirira maluwa m'chitini cha penti,
galu wamiyendo itatu atagona padenga,
sitima yofiira ikulowa padoko ngati yosafuna.
Ndinati, nkhani ili ndi masitepe, ilinso ndi chikepe.
Potsuka mano, lumphani awiriawiri.
Pamene mtima unagunda, imani, nafe tione.

Ndinadzimva wanzeru tsiku limenelo.

Mawa lake Fermín anabweretsa mizere yomwe ija.
Ndinaika chala changa chachoko pamzere wachiwiri:
apa, mwanawe, pofunika chikepe ndi apa.
Madzi anali otani? Kunali mdima?
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Ine kunyanjako kunalibe, anatero.
Ndipo sindikufuna kuimapo.

Ndinabweza chala changa.
Chinasiya kachizindikiro koyera papepala,
ndinachita nako manyazi.

Lachisanu anasiya kope patebulo langa, osanena kanthu.
Mizere iwiri yoyamba sinasinthe,
yaifupi, yothamanga
ngati mwana wodutsa pakhomo pa galu wolusa.
Koma wachitatu unali utakula masamba awiri:

Lachinayi amayi ankasenda mbatatesi.
Mpeni unaima.
Galu wathu Tizón anadzuka, napita kuchitseko,
nanunkhiza pansi pake.
Kunja kunamveka phazi limodzi.
Kenako zii.
Kenako lina.
Kufika kwathu ndi masitepe khumi ndi anayi,
ndinayamba kuwerenga.
Nditafika pa asanu ndi anayi, munthuyo anatsokomola.
Chifuwacho ndinachidziwa.
Anapuma pamenepo, sindikudziwa chifukwa chake,
amayi osapuma, ine osapuma,
wailesi yokha ikunena za mpira.
Khumi ndi atatu.
Khumi ndi anayi.
Anali ndi jombo imodzi yokha
ndi juzi ya munthu wina, yaitali manja.
Ankanunkha mchere ndi dizilo.
Khungu la mbatatesi linali likadali lende
pampeni wa amayi.

Belu linalira, akuti. Ine sindinalimve.
Ana anatuluka okha,
mipando ina itagwa, zenera lili pululu.
Cholembera changa chofiira ndinachitsegula,
ndinachitsekanso.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuuza ana
pofulumira ndi pochedwa,
ngati ndine mwini chikepe.
Mnyamata wazaka zisanu ndi zinayi uyu
anadziwa yekha potsika.

Rayén naye wakonza yake.
Chivomezi tsopano chatenga masamba atatu,
makapu akugwa limodzilimodzi,
nyali ikugwedezeka, agogo ake aamuna akusaka magalasi.
Sokosi yachoka, mano achoka.
Koma buledi wakana kumuchotsa.
Akuti anali wotentha, ndipo sanamumalize.